Buku la kuchipatala likati "HPV +": njira yatsopano yodziwira mayi wofunika chithandizo msanga

Sabata lina masana, titamaliza phunziro la zaumoyo ndipo anthu akubalalika, mayi wina anatsalira pabenchi la kumbuyo. Anadikira mpaka ana a kwaya onse atatuluka, kenaka anamasula kansalu n'kutulutsa buku lake la kuchipatala. Ndi mayi wa zaka 38, wa ana anayi, amene sanagonepo m'chipatala kupatula pokachira. Anatilozera pamene anamwino analemba zilembo zitatu ndi kamtanda pambali pake: HPV +.

"Amayi, tandiwerengerani apa. Akuti andipeza ndi kachilombo koyambitsa khansa. Ndiye kuti basi, ndayamba ulendo? Abambo a kunyumba sindinawauze, sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Akandifunsa kuti ndakatenga kuti, ndiwayankha chiyani?"

Anamwino anali atamuuza kuti abwerenso pakatha masabata awiri kuti akamuone khomo la chiberekero. Pamene ankationetsa bukulo n'kuti patatha miyezi itatu, ndipo anali asanapiteko. Ndalama ya minibasi inali vuto, koma vuto lalikulu linali mantha.

Funso la mayiyu ndi limene madokotala ndi akatswiri a kafukufuku akulimbana nalo m'mayiko ambiri: mwa amayi ochuluka amene amapezeka ndi HPV, ndi ati amene ali panjira yopita ku khansa, ndipo ndi ati amene matupi awo adzakagonjetsa okha kachilomboka? Mwezi uno tikambirana za njira ina yatsopano yoyankhira funsoli. Dzina lake ndi lachingerezi, DNA methylation, ndipo tiyesetsa kulimasula pang'onopang'ono.

Ulendo wautali wa matendawa

Khansa ya khomo la chiberekero si matenda achilendo pakati pathu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansayi, ndipo pafupifupi 350,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Malawi ali m'gulu la mayiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo kuno kwathu, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambirife tinaikapo m'manda mlongo, azakhali kapena mnzathu wa m'gulu la Dorika amene anayamba ndi kutaya magazi pang'onopang'ono osauza munthu.

Pafupifupi khansa yonse ya mtundu uwu imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake ndiwo anapeza mitundu iwiri yoopsa kwambiri ya kachilomboka, HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero mwa odwala 7 pa 10 alionse.

Kachilomboka n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa. Mwa anthu 9 pa 10 alionse, chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pasanathe zaka ziwiri. Vuto limabwera pamene kachilomboka kakakamira kwa zaka zambiri. Apo maselo, amene ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi lathu, amayamba kusintha pakhomo la chiberekero. Achipatala amagawa kusinthaku m'magawo atatu: CIN 1, CIN 2 ndi CIN 3. Onsewa si khansa, ndi zipsera zimene zimayamba khansa isanabwere. CIN 1 kawirikawiri imatha yokha. Pa amayi a CIN 2, pafupifupi theka amachira okha m'zaka ziwiri, makamaka achitsikana. CIN 3 ndiyo yoopsa: ku New Zealand kunapezeka kuti pa amayi amene anali nayo koma sanalandire chithandizo choyenera, pafupifupi mmodzi mwa atatu anadwala khansa m'zaka 30.

Kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino, ulendo wochoka pa kachilombo kufika pa khansa umatenga zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, ungatenge zaka 5 mpaka 10 zokha. Amayi amene ali ndi HIV amadwala khansayi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe. Zaka zonsezi mayi samva kupweteka paliponse. Amalima, amatunga madzi, amaimba mu kwaya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma zaka zomwezi ndizo mwayi wathu, chifukwa chipsera chikapezeka panthawi imeneyi chimachizika m'mphindi zochepa, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Njira zoyezera zimene tili nazo

Njira yakale kwambiri ndi Pap smear, imene inatchedwa dzina la George Papanicolaou, dokotala wa ku Greece amene ankagwira ntchito ku New York ndipo anaifalitsa m'zaka za m'ma 1940. Amapala maselo pang'ono pakhomo la chiberekero, katswiri n'kuwayang'ana pa makina okuza zinthu. Njirayi inapulumutsa amayi ambiri ku Ulaya ndi ku America, koma imafuna akatswiri ambiri owerenga maselowo, ndipo kwathu kuno akatswiri otere ndi ochepa.

Njira imene ambirife timaidziwa ndi ya viniga, imene achipatala amaitchula kuti VIA. Namwino amapaka viniga wosungunula pakhomo la chiberekero, n'kudikira kwa mphindi imodzi. Malo amene maselo asintha amayera. Ubwino wake ndi woti ndi yotsika mtengo ndipo yankho limapezeka pomwepo, kotero mayi angathe kuchizidwa tsiku lomwelo potenthetsa kapena kuziziritsa malo odwalawo. Kuipa kwake ndi koti imadalira diso la munthu. Anamwino awiri angayang'ane malo amodzi n'kunena zosiyana. Komanso mayi akasiya kusamba, malo amene chipsera chimayambira amalowa m'kati, diso silifikako.

Njira yachitatu ndi yofufuza kachilombo ka HPV komweko. Mu 2021 WHO inalangiza kuti imeneyi ndiyo ikhale njira yoyamba kulikonse kumene zingatheke. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito makina a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo a TB. Mayi angathe kudzitenga yekha chikazi ndi kamtengo ka thonje kunsonga, popanda kugona pabedi loyezera. Njirayi siphonyaphonya. Ikati mulibe kachilombo, mtima ungakhale m'malo kwa zaka zisanu kapena kuposerapo.

Komatu mphamvu yake yomweyo ndiyo imabweretsa mutu wina. Ukonde wa maso ang'onoang'ono umakola chambo ndi usipa womwe. Njirayi imakola mayi amene ali ndi CIN 3 pamodzi ndi mayi amene kachilombo kake kadzatha kokha chaka chamawa, ndipo onse awiri amalembedwa chimodzimodzi: HPV +. Pakati pa amayi amene ali ndi HIV m'chigawo chino cha Africa, kawirikawiri anayi kapena asanu pa 10 alionse amapezeka ndi HPV. Kuwachiza onse ndiye kuti ambiri achizidwa popanda chifukwa. Ndipo chithandizo chili ndi mtengo wake pathupi: pamene chipsera ndi chachikulu, amadula kachidutswa ka khomo la chiberekero ndi kawaya kamagetsi, njira yotchedwa LEEP, ndipo izi zimawonjezera chiopsezo chobereka mwana masiku asanakwane. Kwa mtsikana wa zaka 27 amene akufunabe ana, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kuwasiya onse osachiza nakonso ndi kutaya ena. Pakufunika sefa yachiwiri, yolekanitsa mayi wofunika chithandizo lero ndi mayi wongofunika kumuonanso chaka chamawa.

Kodi DNA methylation n'chiyani?

Ambirife tikamva mawu oti DNA timaganiza za milandu ya kukhoti yofuna kudziwa bambo wake wa mwana. Kuyeza kumene tikunena pano n'kosiyana ndi kumeneko, ndipo sikunena kanthu za makolo a munthu.

M'kati mwa selo lililonse muli DNA, imene tingaiyerekeze ndi buku la malangizo. Bukuli linalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zosanjidwa mosiyanasiyana. Lili ndi ndime pafupifupi 20,000 zouza selo mmene lingapangire zinthu zofunika pantchito yake. Selo la m'diso ndi selo la m'chiwindi ali ndi buku lofanana, koma lililonse limawerenga masamba okhudza ntchito yake basi. Masamba enawo amamatidwa.

Chomatira chake ndi kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa methyl, kamene thupi limakanamatiza pa chilembo C, makamaka pamene C watsatizana ndi G. Timethyl tikachuluka kumayambiriro kwa ndime, ndimeyo siwerengekanso. Zili ngati masamba a buku amene agwirana ndi ulimbo: mawu onse alimo, palibe chimene chafufutika, koma simungatsegule kuti muwerenge. Kumata kumeneku ndiko DNA methylation. Ndi ntchito yabwinobwino imene imachitika m'thupi la munthu aliyense kuyambira ali m'mimba mwa mayi ake.

Mwa ndime za m'bukuli muli zina zimene ntchito yake ndi kuletsa. Zimauza selo kuti lisiye kuchulukana likakwanira, kapena kuti life likawonongeka. Kachilombo ka HPV kakakamira kwa nthawi yaitali, kamatulutsa zinthu ziwiri zotchedwa E6 ndi E7 zimene zimasokoneza kayendetsedwe ka selo, ndipo pang'onopang'ono ulimbo uja umayamba kupakidwa pamasamba olakwika, a ndime zoletsa zija. Selo likalephera kuwerenga lamulo loti "ima", limangochulukana.

Chimene akatswiri anapeza n'choti ulimbowu umachuluka motsatira kukula kwa matenda. Pamene kachilombo kangolowa kumene, umakhala wochepa. Pa CIN 3 imene yakhalitsa umakhala wambiri, ndipo pa khansa umakhala wochuluka zedi. Choncho kuyeza kwa HPV kumatiuza kuti mlendo woipa walowa m'nyumba, pamene kuyeza kwa methylation kumatiuza kuchuluka kwa zimene wawononga kale.

Ku labotale amachita motere. Amatenga maselo omwe aja amene anayezera HPV, n'kutulutsamo DNA. Amaithira mankhwala otchedwa bisulfite, amene amasintha chilembo C chilichonse chopanda methyl, koma chomatidwacho amachisiya mmene chilili. Kenaka makina a PCR, ofanana ndi amene tinkawamva nthawi ya Covid-19, amawerengera kuchuluka kwa zilembo zomatidwa pa ndime zosankhidwa. Yankho limatuluka ngati nambala, ndipo silidalira diso la munthu.

Zimene kafukufuku waonetsa

Magulu angapo a akatswiri apanga njira zawo, aliyense akuyang'ana ndime zosiyana. Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, anasankha ndime ziwiri zotchedwa FAM19A4 ndi miR124-2, ndipo njira yawo imagulitsidwa ndi dzina loti QIAsure. Ku Jena, m'dziko la Germany, kunachokera GynTect, imene imayang'ana ndime zisanu ndi imodzi. Ku Queen Mary University of London anapanga S5, imene imayeza ndime ya munthu yotchedwa EPB41L3 pamodzi ndi DNA ya kachilombo ka mitundu 16, 18, 31 ndi 33. Ku Taiwan ndi ku China agwira ntchito kwambiri ndi ndime yotchedwa PAX1. Mayinawa simukufunika kuwaloweza. Tawatchula kuti mudziwe kuti nkhaniyi si ya kampani imodzi kapena dziko limodzi.

Funso loyamba linali loti: kodi njirayi ingaphonye khansa imene yayamba kale? Akatswiri a ku Amsterdam anayeza zidutswa za khansa ya khomo la chiberekero zoposa 500 zochokera m'mayiko oposa 25, ndipo mu 2020 analengeza kuti 98 pa 100 zilizonse zinaonetsa methylation yochuluka.

Funso lachiwiri linali loti: mayi amene ali ndi HPV koma methylation yake ndi yochepa, angadikire mopanda mantha? Ku Netherlands kunali kafukufuku wamkulu wotchedwa POBASCAM, ndipo maselo a amayi amene analowa nawo anasungidwa. Atayeza maselo akalewo n'kuyang'ana zimene zinachitikira amayiwo m'zaka 14 zotsatira, anapeza kuti pa amayi a HPV amene methylation yawo inali yochepa, osakwana awiri pa 100 alionse ndiwo anadwala khansa. Chiwerengerochi chinali chotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi cha amayi a HPV amene Pap smear yawo inaoneka yabwino.

Funso lachitatu ndi lokhudza achitsikana aja ofuna kubereka. M'kafukufuku wina wa ku Netherlands wotchedwa CONCERVE, amayi oposa 100 amene anali ndi CIN 2 kapena CIN 3 sanawachize nthawi yomweyo, koma madokotala ankawaona pafupipafupi kwa zaka ziwiri. Pa amene methylation yawo inali yochepa, pafupifupi atatu mwa anayi zipsera zawo zinatha zokha. Pa amene inali yochuluka, pafupifupi theka ndiwo anachira okha. Izi zikusonyeza kuti njirayi ingathandize dokotala kudziwa mayi amene angathe kumupewetsa mpeni.

Ku Africa nakonso ayesa. Kafukufuku wachitika pakati pa amayi amene ali ndi HIV ku Nairobi m'dziko la Kenya, ku Pretoria ndi ku Johannesburg m'dziko la South Africa, ndiponso ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso. Anapeza kuti mwa amayi amenewanso, methylation imakwera motsatira kukula kwa chipsera. Kwa ife iyi ndi mfundo yofunika, chifukwa amayi amene ali ndi HIV ndiwo amapezeka ndi HPV mochuluka ndipo ndiwo akufunitsitsa sefa yachiwiri ija.

Ubwino wina umene ungatikhudze ndi woti methylation ingayezedwe pa chikazi chimene mayi wadzitenga yekha, chimene Pap smear siingagwiritse ntchito bwino. Akatswiri ena akuyesanso kuyeza kuchokera m'mkodzo. Taganizirani mayi wa kumudzi kutali ndi chipatala. Mlangizi wa zaumoyo akumupatsa kamtengo ka thonje, iye akudzitenga yekha, ndipo kuchokera pa kamtengo kamodzi komweko achipatala akudziwa ngati ali ndi kachilombo komanso ngati akufunika kuitanidwa msanga. Ulendo umodzi wa minibasi wapulumuka, ndipo ulendo uliwonse umene wachotsedwa ndi amayi angapo amene sasowa panjira.

Pamene njirayi ikuperewera

Tisathamange mtima. Mu 2019 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 40 ndipo anapeza kuti njira za methylation zimagwira pafupifupi amayi 7 pa 10 alionse amene ali ndi CIN 3. Atatu otsalawo amadutsa. Amene amapanga njirazi amati zipsera zophonyedwazo ndi zongoyamba kumene zimene sizili pafupi kusanduka khansa, ndipo zimene tafotokoza pamwambapa zikugwirizana ndi maganizo amenewa. Koma mfundoyi imagwira ntchito ngati mayiyo adzabwerenso kudzayezedwa patsiku limene auzidwa. Ku Netherlands boma limatumiza kalata yoitana mayi aliyense nthawi yake ikakwana. Kwathu kuno mayi ambiri amayezedwa kamodzi kapena kawiri pamoyo wake wonse, ndipo chipsera chophonyedwa lero chingathe kusaonedwanso mpaka chitasanduka khansa.

Chachiwiri ndi ndalama ndi zipangizo. Kuyezaku kumafuna labotale yokhala ndi magetsi osathimathima, mankhwala odula ochokera kunja ndi anthu ophunzitsidwa. Yankho silituluka mayi ali pabenchi monga zimakhalira ndi viniga.

Chachitatu, magulu a akatswiri sanagwirizanebe kuti ndime zabwino kuyeza ndi ziti, ndiponso kuti mzere wolekanitsa "yochepa" ndi "yochuluka" ukhale pati. Methylation imakweranso pang'ono munthu akamakalamba, ndipo kafukufuku wambiri wachitika pa amayi a ku Ulaya ndi ku Asia. M'malangizo ake a 2021, WHO inatchula njira zinayi zosefera amayi opezeka ndi HPV: viniga, Pap smear, kuona mtundu wa kachilombo ngati ndi 16 kapena 18, ndi kuyang'ana khomo la chiberekero ndi makina okuza otchedwa colposcope. Methylation sinali pamndandandawo. M'zipatala zathu njirayi sinayambe kugwiritsidwa ntchito.

Tichenjezanenso za amalonda. Mawu a sayansi akangotchuka, pamabwera anthu pa Facebook ndi WhatsApp ogulitsa mapiritsi ndi tiyi amene amati "amakonza DNA" kapena "amatsuka chiberekero". Ife timalimbikitsa kudya masamba, zipatso, nyemba ndi mgaiwa, ndipo tidzapitiriza kutero, pakuti thupi lodyetsedwa bwino limalimbana bwino ndi matenda. Koma palibe chakudya, tiyi kapena mankhwala azitsamba amene atsimikizika kuti amachotsa CIN 3. Mayi amene akumwa zimenezi m'malo mobwerera kuchipatala akupatsa matendawo nthawi.

Nanga pakhomo pathu tichite chiyani lero?

Njira yatsopanoyi ikatsika mtengo n'kuvomerezedwa, tidzailandira ndi manja awiri. Koma mayi amene ali ndi chipsera chaka chino sangaidikire. Mu November 2020 mayiko a m'bungwe la WHO anakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 alionse akhale atalandira katemera wa HPV asanapitirire zaka 15, amayi 70 pa 100 akhale atayezedwa pofika zaka 35 ndiponso kachiwiri pofika zaka 45, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Zonse zitatuzi zimayambira pakhomo.

Choyamba, katemera. Malawi anayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu January 2019. Katemerayu amagwira bwino ntchito akaperekedwa mtsikana asanakumane ndi kachilomboka, n'chifukwa chake amaperekedwa kwa ana. Satseketsa kubereka ndipo saphunzitsa mwana khalidwe loipa. Tayang'anani m'buku la mwana wanu wamkazi ngati analandira.

Chachiwiri, kuyezetsa ndi njira imene ilipo pachipatala chanu, kaya ndi viniga, Pap smear kapena HPV. Kwathu kuno amayi amayamba kuyezedwa ali ndi zaka 25. Mayi amene ali ndi HIV ayezedwe pafupipafupi kuposa ena, ndipo asadumphitse ma ARV, chifukwa chitetezo chikakwera thupi limalimbana bwino ndi HPV. Musanatuluke m'chipinda choyezera, pemphani anamwino akulembereni m'buku tsiku lodzabweranso.

Chachitatu, zizindikiro. Kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, kutaya magazi pakati pa mwezi, kuonanso magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosamva mankhwala: izi sizodikira tsiku la kampeni. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, ngakhale munayezedwa chaka chatha n'kupezeka muli bwino. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachinayi, fodya, kaya wosuta kapena utsi wa ena m'nyumba. Kusuta kumawonjezera chiopsezo cha khansayi mwa mayi amene ali ndi HPV. Ngati muli ndi achibale osuta, ichi ndi chifukwa china chowathandizira kusiya.

Chachisanu ndi cha inu abambo. Mayi akabwera ndi buku lolembedwa HPV +, musamuzenge mlandu. Kachilomboka kamatha kukhala phee m'thupi kwa zaka zambiri, n'kudzaonekera banja litatha zaka 10 kapena 20. Kangakhale kanabwera ndi mwamuna kapena mkazi ukwati usanamangidwe, ndipo mwamuna amakasunga popanda chizindikiro chilichonse. Palibe kuyeza kumene kungasonyeze kuti kanalowa liti kapena kanachokera kwa ndani. Zotsatira zimenezi si umboni wa chigololo. Chimene mkazi wanu akufuna kwa inu ndi ndalama ya ulendo, kumuperekeza, ndipo akachizidwa, kudziletsa kwa masabata amene anamwino anena kuti chilonda chipole.

Mayi wa pabenchi uja tinakhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Tinamuuza zimene talemba panozi: kuti kupezeka ndi kachilombo si kupezeka ndi khansa, ndipo kuti anamwino anamuitana kuti akachite sefa yachiwiri ndi chida chimene ali nacho, viniga ndi diso. Anatipempha kuti tikakhalepo pouza amuna ake. Tinapita Lamlungu madzulo pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo ndi akazi ake. Bamboyo anamvetsera atawerama, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye mukuti tipite liti?"

Anapita Lachitatu. Anamwino anapeza kachigamba koyera kakang'ono, n'kukatenthetsa pomwepo. Mayiyo anafika kwawo nthawi yophika nsima yamadzulo isanakwane. M'buku lake analembamo tsiku lodzabweranso pakatha chaka, ndipo ifenso tinalilemba m'kope lathu la zaumoyo kuti tidzamukumbutse.

Ngati m'buku lanu muli tsiku limene linadutsa musanapite, anamwino sadzakubwezani chifukwa chochedwa. Litulutseni usiku uno muone.